Bandi ikuimba m'situdiyo, omvera akuti "kuno ndi phokoso lokha": poyambira kufufuza

Loweruka lililonse 3 koloko masana ndimalowetsa oimba m'kachipinda ka wailesi yathu ya m'dera kuti aimbe mwachindunji. Kachipindako ndi ka mamita 4 m'litali, 3 m'lifupi, ndipo amene anakamanga ankaganiza za anthu awiri okhala pa tebulo akukambirana za feteleza ndi katemera wa ana. Tsopano mulowetsemo kwaya ya amayi 15, kapena anyamata asanu ndi ng'oma zawo, magitala awiri ndi kiyibodi. Chimene chimatsatira chimabwera sabata ndi sabata: ife m'katimo tikumva kukoma, woimba watsinzina ndi kutengeka, koma foni ya pa tebulo yayamba kuthwanima. "Achimwene, kuno kukungomveka ng'oma yokha." "Wailesi yanu ikulira ngati njuchi." "Mayi akutsogolerawo sakumveka n'komwe."

Izi ndikulembera anzanga a m'mawailesi ang'onoang'ono, kumene muulutsi ndi yemweyo tekinishani, yemweyo wolandira alendo, ndipo magetsi akathima ndi yemweyonso wothamangira ku jenereta.

Khutu la m'situdiyo limanama

Mukakhala m'chipindamo mumamva zinthu ziwiri nthawi imodzi: mawu odutsa m'mahedifoni ndi mawu enieni a oimba amene akukupezani kudzera mu mpweya, m'tebulo, ngakhale m'mafupa a mutu wanu. Womvera wa ku mudzi samva zachiwirizo. Iye amangolandira zimene zalowa m'maiki, zadutsa m'mikisa (makina osakanizira mawu), zakwera pa mlongoti, n'kutsikira m'kasipika kakang'ono ngati chivindikiro cha botolo la mafuta odzola. Kasipika kotere sikatha kutulutsa mawu a pansi kwambiri a besi, kamangonjenjemera, ndipo ndi kamodzi, kotero zonse zimene munapatula kumanzere ndi kumanja zimaunjikana pamodzi.

Choncho chipangizo choyamba chothetsera mavuto ndi kawailesi ka mabatire kotchipa, kofanana ndi kamene omvera anu ali nako. Kaikeni kutali ndi situdiyo, pansi pa mtengo kapena ku ofesi, ndipo pakhale munthu wokamvera amene azikutumizirani uthenga. Ichi n'chiyani n'kulinga muli awiri. Ngati palibe kawailesi, foni ya mabatani imene ili ndi FM imagwira ntchito yomweyo, bola mulowetse timahedifoni take chifukwa chingwe chake ndiye eriyo.

Dandaulo likangofika, musanakhudze batani lina lililonse, dulani vutolo pakati. Bandi ikamaliza nyimbo, tsekani mamaiki onse ndipo sewerani nyimbo yojambula kale ya pa kompyuta. Wa pa kawailesi uja akati yamveka bwino, vuto lili mbali ya oimba: mamaiki, zingwe, zida zawo, kapena mmene mwatcherera mikisa. Akati nayonso yasweka, asiyeni oimba apume, chifukwa vuto lili kutsogolo kwa mikisa, panjira yopita ku makina omwaza mawu. Kuyesa kumeneku kumatenga masekondi 30. Ine ndinataya miyezi ndikukalipira oimba magitala pa vuto limene linali pa chingwe chimodzi chochokera ku mikisa chimene makoswe anachitafuna kuseri kwa kabati.

Kung'ung'uza kosalekeza kuja

Phokoso la "mmmmm" losasintha ndi liwu la magetsi enieniwo. Magetsi a kuno ndi a mavoti 230 ndipo amasinthasintha ka 50 pa sekondi, ndiye akapeza polowera m'njira ya mawu mumawamva. Tsitsani ma fader onse, mabatani otsetsereka a m'munsi mwa mikisa. Likapitirira, gwero lake ndi mikisa yomwe kapena zimene zili kutsogolo kwake. Likatha, kwezani tchanelo (njira ya maiki kapena chida chimodzi pa mikisa) imodzi imodzi mpaka mupeze yolakwa. Musakweze ziwiri pamodzi ngakhale nthawi ikuthamanga, kuona maso a nkhono n'kudekha.

Kawirikawiri yolakwa imakhala kiyibodi kapena ampu ya gitala imene oimba abwera nayo n'kuilumikiza ku soketi ya khoma lina, pamene mikisa ili pa soketi yakeyake. Zida ziwirizo zakumana kudzera pa chingwe cha mawu, komanso chilichonse chili ndi njira yake yopita ku efi (waya wotayira magetsi m'nthaka), ndiye kamphamvu kochepa kamayenda mozungulira m'njira ziwirizo. Mankhwala otchipa ndi kulumikiza zida zonse za mawu pa ekisitenshoni imodzi yabwino yochokera ku soketi imodzi. Mankhwala enieni ndi kabokosi kotchedwa DI box, kamene kali ndi batani lolembedwa "ground lift": chida chimalowa m'kabokosiko, n'kutulukamo ndi chingwe cha XLR cha mano atatu kupita ku mikisa. Wailesi iliyonse imene imaitana oimba iyenera kukhala ndi tiwiri. Laputopu nayo imang'ung'uza ikakhala pa chaja, makamaka machaja ogula m'misika. Izuleni iyende pa batire mpaka pulogalamu ithe.

Pano ndiime kaye. Pali anthu amene anazindikira kuti ukathyola dzino lalitali la pulagi ya mano atatu, kapena ukadula waya wa efi, kung'ung'uza kumatha. Kumathadi. Koma dzino limenelo ndi limene limateteza munthu chida chikawonongeka m'kati. Woimba gitala wagwira nsambo zachitsulo ndi dzanja, milomo yakhudza maiki yachitsulo, ndiye magetsi asowa njira ina kupatula thupi lake. Woimba akangonena kuti "maikiyi ikundiluma", musamuseke ndipo musamukulungire kansalu. Imitsani, zulani ampu yake ku khoma, aimbe ndi gitala yosafuna magetsi, ndipo muitane wodziwa za magetsi Lolemba. Khalidwe lotsegula soketi ndi cholembera kuti mulowetse pulagi ya mano awiri lisalowenso m'situdiyo.

Zingwe wamba za gitala, zija za jaki imodzi, zimatola phokoso zikatalika kupitirira mamita 5 kapena 6, ndipo zimatola kwambiri zikagona limodzi ndi zingwe za magetsi. Zisiyanitseni, ngati n'kofunika kuti zidutsane, zipingasane ngati mtanda. Gitala zina zamagetsi zimalira zikayang'ana ku nyali za machubu kapena ku thiransifoma, ndipo woimba akangotembenuka pang'ono phokoso limachepa. Mawailesi ambiri a m'madera ali ndi mlongoti pabwalo pomwepo, kotero mphamvu imene ikumwazidwa imatha kubwereranso m'zingwe zotchipazo. Zikatero fupikitsani zingwe ndipo chilichonse chimene chingayende pa XLR chiyende pa XLR.

Phokoso la "tititi-tititi" lobwera n'kupita ndi foni ya m'thumba la munthu. Kuika pa sailenti sikuthandiza chifukwa foniyo ikulankhulabe ndi netiweki. Ndimasonkhanitsa mafoni onse m'kabasiketi pakhomo, ngati mmene amachitira pa mayeso.

Likhweru

Mawu akatuluka m'sipika n'kulowanso m'maiki, amazungulira mpaka asanduke likhweru loboola makutu. Lamulo ndi lakale: maiki ikatsegulidwa, masipika a m'situdiyo atsekedwe. Mikisa yopangidwira wailesi imachita zimenezi yokha, koma ambirife tili ndi mikisa ya pa ukwati, ya Behringer kapena Yamaha, imene imadalira dzanja lanu.

Oimba amadandaula kuti sakudzimva, ndipo n'zoona. Apatseni mahedifoni, ngakhale awiri okha, a wotsogolera nyimbo ndi wa kiyibodi. Asakweze mopitirira muyeso, chifukwa mahedifoni okweza amene avulidwa n'kuikidwa pa tebulo pafupi ndi maiki amaliza likhweru ngati sipika. Yang'aniraninso anyamata amene amafumbata mutu wa maiki ndi chikhatho potengera oimba a pa kanema. Maiki ngati Shure SM58 imakana mawu ochokera kumbuyo kwake chifukwa cha timipata timene tili kumunsi kwa mutuwo. Mukatitseka ndi dzanja, imayamba kumva mbali zonse, mawu amamveka ngati a m'chitini, ndipo likhweru silichedwa.

Woimba foni amene wailesi yake ili pafupi mumamudziwa kale, "tatsitsani wailesi yanu, bambo" ndi pemphero lathu la tsiku ndi tsiku. Koma onaninso kuti mawu amene mukumutumizira pa foni asakhale ndi mawu ake omwe. Pa mikisa, tchanelo ya foni isatumize mawu ku AUX, khomo lapadera lotulutsira mawu, imene ikudyetsa foniyo.

Likhweru limene linandizunza kwambiri silinali la zonsezi. Linkabwera Loweruka lokha, mochepa, ngati kulira kwa udzudzu, ndipo linkatha ndikatseka maiki ya kufupi ndi zenera. Ndinasintha maikiyo, ndinasintha chingwe, osatheka. Tsiku lina ndinasuzumira panja ndipo ndinapeza madala athu olondera atakhala pansi pa zeneralo, kawailesi kali pa bondo, akumvera pulogalamu yomweyo mokweza chifukwa kwaya inali ya ku mpingo kwawo. Tinkatsegula zeneralo Loweruka lokha chifukwa cha kutentha kwa anthu ambiri. Ndinawapempha kuti azikhala ku mtengo wa mango, ndipo lero ndi iwo amene amandiuza mmene zikumvekera kunja.

Mawu osweka ngati sipika yang'ambika

Apa ambiri timalakwa posokoneza mabatani awiri. Kabatani kozungulira ka pamwamba, ka gain, kamalamula kuchuluka kwa mawu olowa m'mikisa. Fader ya pansi imalamula otuluka. Mawu akasweka polowa, kutsitsa fader kumangokupatsani mawu osweka otsika. Dinani PFL, batani lomvetsera tchanelo imodzi payokha m'mahedifoni, pa tchaneloyo, uzani woimba aimbe, tembenuzani gain mpaka timagetsi tizifika pa 0 pamene wakweza kwambiri, ndipo kofiira kasayake. Kenako bwezani pang'ono.

Kubwezako n'chifukwa choti palibe woimba amene amayesa maiki ndi mawu amene adzaimbire. Poyesa amanong'ona "wani, thu" mwamanyazi. Nyali yosonyeza kuti tayamba kuulutsa ikayaka ndipo akudziwa kuti amayi ake akumvera ku mudzi, amatulutsa mawu onse. Ndimawauza kuti, "Mayi, tandiimbireni pamene nyimboyi imafika pamoto penipeni, pamene anthu amaimirira ku tchalitchi." Pamenepo ndiye potcherera.

Kiyibodi imatulutsa mawu amphamvu kuposa maiki. Ikalowa pa khomo la maiki imaswa mawu ngakhale gain ili pansi. Ilowetseni pa khomo lolembedwa LINE, kapena dinani PAD, batani lochepetsa mphamvu ya mawu olowa, ngati lilipo. Gitala ya bokosi yokhala ndi polumikizira chingwe imakhala ndi kabatire ka mavoti 9 m'kati, ndipo kakayamba kutha mawu amathetheka asanazimiretu. Eni ake ambiri sadziwa n'komwe kuti kalipo. Sungani kamodzi m'dirowa.

Ndiye pali chiyeso chokweza mawu mpaka timagetsi tija tifike kumapeto poganiza kuti wailesi imveka patali. Siimveka patali. Kutalika kwa kumene mumafika kumadalira mphamvu ya makina omwaza mawu, eriyo ndi mapiri amene akuzungulirani. Pa FM pali malire a makilohezi 75 amene mawu sayenera kupyola, ndipo pali kachipangizo kopanikiza mawu kuti asadutse pamenepo. Mukakankha kwambiri, kamangopanikiza kwambiri. Ngati palibe kapena kanatcheredwa molakwika, mumasefukira m'malo a wailesi yoyandikana nayo, ndipo imeneyo ndi nkhani ya laisensi imene MACRA, bungwe loyang'anira mawailesi, inakupatsani.

Ng'oma yameza mawu

Ili ndiye dandaulo lalikulu, ndipo silithera pa mikisa. M'chipinda chaching'ono cha makoma a simenti, ng'oma imalowa m'maiki iliyonse. Mukakweza maiki ya woimba kuti amveke, mwakwezanso ng'oma imene yalowamo. Kuonjezera apo, kachipangizo kopanikiza kaja kakamva kugunda kwamphamvu kamatsitsa mawu onse kwa kamphindi, kotero ng'oma ikati "di", mawu a woimba amamira, n'kuyandamanso, n'kumiranso. Womvera amamva ngati wina akuseweretsa batani la voliyumu.

Vutoli mumalithetsa ndi miyendo, posuntha anthu. Mtunda pakati pa chinthu ndi maiki ukawirikiza kawiri, mphamvu ya mawu ake imatsika ndi madesibelo pafupifupi 6, ngakhale kuti m'kachipinda kobweza mawu phindu lake limachepako. Ndiye woimba asendere mpaka pakati pa milomo ndi maiki patsale zala ziwiri, ndipo ng'oma ipite ku ngodya yakutali. Woimbayo ayang'anizane ndi ng'oma, kuti kumbuyo kwa maiki, kumene siimva bwino, kuloze ku ng'omako. Oimba amakonda kuima ngati ali pa nsanja, onse kuyang'ana mbali imodzi, wa ng'oma kumbuyo kwa woimba. Pa wailesi palibe akuwaona, ndipo kaimidwe kameneko kamalozetsa maiki ku ng'oma mwachindunji.

Nthawi zambiri ng'oma sindiipatsa maiki n'komwe. Oimba ake amakhumudwa, amaona ngati ndawapeputsa, mpaka nditawamvetsera zimene tajambula. Madiramu a bandi timawafunditsa chitenje pa kang'oma kolira kwambiri ka sineya, pilo m'ng'oma yaikulu ya phazi, ndipo mbale zachitsulo zija ndimapempha kuti azingozisisita. Ng'oma zachikhalidwe zitatu kapena zinayi, ngati za chimtali kapena za mganda, ndimaziika m'khonde, chitseko chili chotsegula pang'ono kuti azionana ndi wotsogolera. Kuuza munthu wa ng'oma kuti aimbe motsitsa n'kovuta, chifukwa dzanja lake linazolowera bwalo. Ndinaphunzira kusamuuza pagulu. Ndimamutengera pambali n'kumuuza kuti maiki zathu n'zofooka, atithandize.

Pa matchanelo onse kupatula a besi, dinani kabatani kodula mawu a pansi, kolembedwa 80 kapena 100 Hz, kapena HPF. Mawu a munthu sataya kanthu, koma mumachotsa kugunda kwa mapazi, kunjenjemera kwa tebulo ndi gawo lina la ng'oma yolowerera. Makoma aphimbeni ndi zinthu zokhuthala: mabulangete, makatani olemera, matiresi akale oimika m'ngodya. Mathireyi a mazira amene timakonda kumata amaoneka ngati a situdiyo yeniyeni koma ntchito yake ndi yochepa kwambiri, ndipo phokoso la kunja salitchinga.

Kwaya siifuna maiki pa munthu aliyense. Mamaiki awiri okwezedwa pamwamba pang'ono pa mitu ya a mzere woyamba, ndi imodzi ya wotsogolera, zimakwana. Mamaiki awiriwo atalikirane katatu kuyerekeza ndi mtunda wa maiki iliyonse kwa oimba: ngati ili theka la mita kuchokera pakamwa, inzake ikhale mita imodzi ndi theka kumbali. Akayandikana kwambiri, liwu limodzi limafika pa awiriwo pa nthawi zosiyana pang'ono, ndipo pa kawailesi ka sipika imodzi mbali zina za mawu zimafafanizana, kwaya n'kumveka yopyapyala. M'kwaya iliyonse muli mayi mmodzi wa mawu okwana anthu asanu. Mumudziwa pa mzere woyamba wa nyimbo. Ameneyo aime kumbuyo, ndipo mupeze njira yaulemu yonenera.

Zida zathu zili ndi makhalidwe akeake. Bangwe ndi kaligo n'zofatsa, zimafuna maiki pafupi ndi chipinda chachete, ndipo ngati muli ndi maiki ya kondensa, mtundu umene umamva ngakhale timawu tochepa, ndi pamene imagwira ntchito. Babatoni ili ndi mawu a pansi amene kasipika kakang'ono sikawatulutsa, ndiye lozetsani maiki pakati pa chikopa ndi pamene nsambo ikukodoledwa kuti kugunda kwake kumveke. Visekese ndi maseche n'zachinyengo: m'chipinda zimamveka zopepuka, koma makina a FM amayamba akweza mawu opyapyala a pamwamba asanawamwaze, kotero zikayandikira maiki zimadzaza wailesi yonse ndi "sssh". Ziimirire kutali, zidzamvekabe.

Nyimbo ya pa foni imene imamveka ngati ili m'chitsime

Oimba nyimbo zauzimu ambiri masiku ano amabwera okha, zida zonse zili pa foni, iwo n'kumaimba pamwamba pake. Mwalumikiza foni ku mikisa ndipo besi yasowa, ng'oma yasowa, kwatsala mamvekero okhaokha. Wolakwa ndi chingwe. Foni imatulutsa mbali ziwiri, kumanzere ndi kumanja. Mukazilowetsa ndi jaki imodzi ya mizere iwiri pa khomo limodzi la tchanelo ya maiki kapena LINE, mikisa imachotsera mbali imodzi ku inzake, ndipo chilichonse chimene chinali pakati chimafafanizika. Pezani chingwe chimene mbali ya foni chili ndi kajaki kamodzi, mbali inayo majaki awiri, mulowetse pa tchanelo ya sitiriyo. Chabwino koposa, nyimbozo zikopedwe pa kompyuta ya situdiyo pulogalamu isanayambe. Tinamvapo foni ikuitana pakati pa nyimbo ya chitamando, boma lonse likumvera.

Kiyibodi ikakhala ndi chingwe chimodzi chokha, chilowe pa khomo lolembedwa L/MONO.

Tchanelo yangoti zii

Yendani ndi mawu kuchokera pakamwa: kaswitchi ka pa maiki ngati kalipo, chingwe ngati chalowa mpaka kulira "kete", MUTE, gain, batani lotumiza ku MAIN. Maiki ya kondensa siilankhula popanda mavoti 48 a pa batani la phantom, ndipo tsitsani ma fader musanalidine chifukwa limaphulika m'masipika. Zikakanika, sinthani chinthu chimodzi chokha: maiki yomweyo pa chingwe china, kenako chingwe chomwecho pa tchanelo ina. Nthawi zambiri chimapezeka ndi chingwe. Chikapezeka chakufa, chimangeni mfundo pomwepo ndipo chituluke m'chipindamo, apo ayi sabata yamawa chidzakupusitsaninso. Zingwe zimafa chifukwa chozikulunga pa chigongono ngati chingwe cha mbuzi ndi kuzizula pokoka waya m'malo mogwira mutu.

Magetsi akathima pakati pa nyimbo

Mikisa, kompyuta ndi zolumikizira ku mlongoti zikhale pa UPS, kabokosi ka batire kosunga magetsi, kapena pa mabatire a sola kuti zisazime pamene wina akuthamangira ku jenereta. Inveta zotchipa zimene sizitulutsa magetsi osalala zimabweretsa kulira kwakuthwa m'zida za mawu, kotero pogula funsani yolembedwa "pure sine wave". Magetsi akathima tsitsani ma fader, zimitsani maampu, ndipo akabwera muyatse maampu pomaliza. Jenereta ikalemedwa mudzamva kung'ung'uza kukusintha mamvekedwe. Fufuzani amene wayatsa ketulo ku ofesi.

Ndimapempha gulu lililonse kuti likonzeretu nyimbo imodzi yosafuna magetsi, ya mawu, m'manja ndi gitala ya bokosi. Kangapo konse nyimbo imeneyo ndi imene omvera anapempha kuti ibwerezedwe.

Facebook

Abale athu a ku Johannesburg ndi ku Lusaka amatsatira pulogalamu pa Facebook, ndipo madandaulo awo amakhala osiyana ndi a pa wailesi. Ngati foni yojambula ikumva ndi kamaiki kake, iwo akumva chipinda, osati mikisa, ndiye kwa iwo ng'oma idzapambana nthawi zonse. Ipatseni mawu ochokera ku mikisa. Za pa intaneti zimachedwa ndi masekondi angapo, kotero wina akatsegula Facebook m'situdiyo kuti awerenge ndemanga osatsitsa voliyumu, nyimbo imayamba kudzithamangitsa yokha.

Gwero la theka la zonsezi

Gulu limene lafika mphindi 5 pulogalamu isanayambe. Minibasi inachedwa kudzaza, wa kabaza anakana kunyamula ampu, wa besi akubwera. Zifukwa zake n'zoona, ndipo ine ndinasiya kukwiya. Pulogalamu ya 3 koloko ndimawauza kuti afike 1 koloko, akafika 2 koloko tili bwino. Mphindi 30 zoyesa mawu zimachotsa mavuto ambiri amene ndatchula. Akafika mochedwa kwenikweni, sindilola bandi yonse kulowa nthawi imodzi. Timayamba ndi kucheza ndi mtsogoleri wawo, nyimbo yoyamba ndi ya gitala ndi mawu, ndipo pa nthawi ya malonda ndi zidziwitso ndimayesa enawo mmodzi mmodzi pa PFL.

Pa nthawi yoyesayo ndimamvetseranso mawu a nyimbo zonse. Mawailesi athu alibe chipangizo chochedwetsa mawu kuti udule chotukwana chisanatuluke, ndipo nyimbo yonyoza mfumu ya m'dera kapena yolowa ndale za chipani ikangotuluka, woyankha mlandu ndi wailesi. Ndimalemba mitu ya nyimbo ndi eni ake m'kaundula, chifukwa COSOMA, bungwe loteteza umwini wa nyimbo, imagawa ndalama za oimba potengera zimene mawailesi alemba. Timagwirizananso zizindikiro za manja: kuzunguza chala ndiye kuti malizani, chikhatho pansi ndiye kuti tsitsani. Ndipo ndimawachenjeza kuti nyimbo ikatha asayankhule mpaka nditagwedeza mutu, chifukwa "aise, waphonya kiyi iwe" anamveka kale mpaka ku malire a boma. Anthu akachuluka chipinda chimatentha ndipo nsambo zimasuntha, choncho magitala achunidwenso pa nthawi ya malonda, mamaiki ali otseka. Fani nayo izime maiki ikatsegulidwa.

Jambulani pulogalamu iliyonse kuchokera pa kawailesi, osati pa mikisa, ndipo muimvere Lolemba mutu utazizira. M'kope lembani gulu, malo amene aliyense anaima, ndi pamene gain inali. Akadzabweranso mudzayambira pamenepo.

Chimene sindinachipezere mankhwala ndi mvula ya pa malata. Kuyambira Disembala mpaka Malichi, mtambo ukangoda cha m'ma 3 koloko ndimadziwa kuti tili pa mpikisano. Siling'i yathu ndi yopyapyala, ndipo mvula yamphamvu imalowa m'maiki iliyonse ngati mafuta akuthetheka m'chiwaya. Ndimasendeza oimba pafupi kwambiri ndi mamaiki, ndimatseka onse osafunika, ya kondensa ndimaichotsa. Ziphaliwali zikayamba timazula zimene tingathe. Ikapitirira pamenepo ndimauza omvera kuti mvula yafika kuno ku boma, ndimawafunsa ngati yafikanso kwawo, ndipo mafoni amene amayenera kukhala a madandaulo amasanduka a malipoti a chimanga, kwaya ili chikhalire pansi kudikira kuti ikate.